Akazi m'Zithunzithunzi za Maulendo a Kumwezi ndi Kunyenyezi

Azungu atayamba kupanga zithunzithunzi za kanema, sanacedwe kupeka nkhani za maulendo a kumwezi ndi za makina oyenda ngati anthu. Coyamba cochuka ca mtundu umenewu anacipanga Georges Méliès ku France m'caka ca 1902. Ophunzira amene analowa m'cipolopolo cacikuru kunka kumwezi anali amuna okhaokha. Atsikana, atabvala makabudula afupiafupi, anapatsidwa nchito ya kukankhira cipolopoloco mumfuti ndi kutsazika aulendowo. Iwo anatsala pansi.

M'caka ca 1927 ku Germany kunaturuka Metropolis, ca Fritz Lang, cimene nkhani yace analemba ndi mkazi wace, Thea von Harbou. M'menemo muli namwali wofatsa, dzina lace Maria, wolangiza anchito osauka kuti apirire. Mmisiri wina asula cidole cacitsulo, nacipatsa nkhope ya namwaliyo. Cidoleco cibvina pamaso pa amuna olemera kufikira iwo amenyana okhaokha. Cinyenganso anchito kuti aphwanye makina, madzi nasefukira m'nyumba zao. Potsiriza acitentha pamoto monga mfiti. Mbali ziwirizi anasewera mkazi mmodzi, Brigitte Helm. Motero mkazi analoledwa kukhala woyera mtima kapena wosokeretsa amuna, koma nzeru za kusula makina zinasungidwira mwamuna.

Ku America khalidwe limeneli linakula m'zaka za 1950. Pepala loitanira anthu ku Forbidden Planet m'caka ca 1956 linaonetsa cidole cacitsulo citanyamula mkazi wokomoka, cinkana m'cithunzithunzimo cidoleco sicimnyamula konse. Ogulitsa anadziwa cimene cikoka makobiri a anyamata.

Tsono m'caka ca 1963 Valentina Tereshkova wa ku Soviet Union anazungulira dziko lapansi ka 48, ali yekha m'combo cace. Patapita zaka zisanu opanga kanema anaturutsa Barbarella, cimene ciyamba ndi Jane Fonda ali kubvula zobvala zace za mumlengalenga cimodzicimodzi.

Kusintha kooneka kunadza ndi Alien m'caka ca 1979. Olemba ace ananena kuti mbali iriyonse angasewere mwamuna kapena mkazi, ndipo mbali ya Ripley inagwera Sigourney Weaver. Ripley ndiye akaniza kulowetsa m'combo mnzao wogwidwa ndi cirombo, potsata lamulo loteteza onse. Mau ace anyozedwa, anzace naphedwa mmodzimmodzi, napulumuka iye yekha ndi mphaka. Komabe pakutha pace ojambula anamuonetsa nthawi yaitali atatsala ndi zobvala zam'kati zokha, ndipo anthu ambiri anatsutsana pa cimeneci. Pamene Weaver anaseweranso mbali yomweyo mu Aliens m'caka ca 1986, dzina lace linalowa pakati pa akazi asanu olimbirana mphotho ya Oscar.