Kuchokera pa chibonga kufika pa kabaza: mbiri ya mutu ndi msana ku Ntcheu

Paja akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Iwo ankanena za udindo, koma ife a ku Ntcheu mwambiwu tikhoza kuutenga monga momwe ulili, pakuti m'zaka 150 zapitazi mitu ndi misana ya anthu a m'boma lathu yalandira nkhonya zamitundumitundu: ya chibonga, ya thanthwe la mu mgodi, ya bomba la nkhondo, ndipo lero ya phula la msewu wa M1. Ndifuna tiyende limodzi m'mbiri imeneyi, awerengi, tione kuti wovulalayo ankalandira thandizo lanji kale ndipo lero akulandira lanji.

Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, zida zawo zinali mkondo, chishango ndi chibonga. Nkhondo zawo zinatha azungu atapha Inkosi Gomani woyamba mu 1896, koma chibonga chinatsala. Lero timachiona pa ngoma, ndipo, tisanamizane, nthawi zina chimatulukanso pa mowa. Ankhondo aja sanaphunzire udokotala, komabe ankadziwa pomenya: m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu. Pamenepo fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Mtsemphawo ukang'ambika, magazi amayamba kudzaza pakati pa fupa ndi chikopa chokuta ubongo. Munthu amakomoka pang'ono, n'kudzuka, n'kuyankhula bwinobwino, mwina kudya nsima kumene. Pakatha maola angapo mutu uja umawawa kwambiri, amasanza, tulo timamugwira, basi osadzukanso. Chigaza sichifutukuka ngati mimba, tsono magazi akachuluka chimene chimapanikizika ndi ubongo. Maliro ambiri otere kumudzi ankathera m'kulozana zala, eti munthu anali bwinobwino madzulo, wina wamulodza. Chonsecho dokotala atapeza munthuyo nthawi ilipo, n'kuboola chigaza kuti magaziwo atuluke, ambiri amachira n'kubwerera kumunda.

Ubongo wa munthu wamkulu sufika ndi kilo imodzi ndi theka yomwe. Ndi wofewa ngati phala lolimba, ndipo umayandama m'timadzi toyera m'kati mwa chigaza. Ntchito unagawana ngati mafumu a ndodo. Kutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndi kumene kumakhala kudziletsa ndi kulingalira za mawa. Kunkhongo ndi kumene kumamasulira zimene maso aona, n'chifukwa chake wogwa chagada amaona nyenyezi masana. Kunsi kwake kuli kaubongo kakang'ono kosamala kuti tisadzandire poyenda, ndipo phata limene limalumikiza ubongo ndi msana ndilo limayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Mbali ya kumanzere imalamula dzanja ndi mwendo wa kumanja, ya kumanja imalamula za kumanzere.

Zonsezi azungu sanabadwe nazo ayi, anaziphunzira pa anthu ovulala. Mu 1848 ku Vermont, m'dziko la America, kapitawo wa ntchito ya njanji, Phineas Gage, anabayidwa ndi chitsulo chotalika kuposa mita chimene chinalowa pa tsaya la kumanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe. Koma dokotala wake analemba kuti munthu amene anali wodekha uja anasanduka wotukwana ndi wosaugwira mtima. Nkhaniyi ambiri amaithera pomwepo, koma ine chimandisangalatsa n'chakuti patapita zaka Gage anakagwira ntchito yoyendetsa ngolo ya akavalo ku Chile, ntchito yofuna mutu wokhazikika. Anamwalira mu 1860. Chaka chotsatira, ku Paris, Paul Broca anaona wodwala amene ankamva zonse koma pakamwa pake pankangotuluka liwu limodzi. Atamwalira, Broca anapeza kuti malo owonongeka anali kutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanzere. Mukadzaona agogo amene afa dzanja lamanja ndipo mawu akuwakanika, kumbukirani zimenezi, musawayese opepera. Nthawi zambiri akumva zonse zimene mukunena pamaso pawo.

Tsono tibwere ku msana. Kuyambira m'khosi kutsika mpaka m'chiuno muli timafupa tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, kenaka ena omatana kunsi. M'kati mwa timafupato mumadutsa mtsempha waukulu, kunenepa kwake ngati chala chakanise, umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Ukaduka m'chiuno kapena kumbuyo kwa chifuwa, miyendo imafa. Ukaduka m'khosi, manja amafanso, ndipo ukadukira m'mwamba kwenikweni munthu amalephera ndi kupuma komwe. Sing'anga wina wa ku Egypt, m'zolemba za pafupifupi zaka 1,600 Yesu asanabadwe, anafotokoza za munthu woguluka khosi amene sakumva manja ndi miyendo, mkodzo ukungotuluka wokha, ndipo anagamula kuti limeneli ndi vuto losayenera kuliyamba n'komwe. Chigamulo chimenecho chinakhala chilili kwa zaka zoposa 3,000.

Kwathu kuno misana inayamba kuthyoka mochuluka pamene amuna anayamba kupita ku Joni. Wenela inkalemba anyamata, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Tonse timakumbukira ndege imene inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu. Theba inadzayambiranso mu 1977, n'kudzalekeratu mu 1988 pa mkangano wa zoyeza Edzi. Za ndegeyo zinalembedwa. Koma amene denga la mgodi linawagwera pamsana ankabwera mmodzimmodzi, mwakachetechete, ndipo palibe amene ankawayimbira ng'oma.

Mmodzi mwa iwo anali malume anga. Anabwera ndili sitandade 3, ali pa njinga ya olumala yonyezimira, ndi bokosi la zovala, wayilesi ndi kandalama ka chipukuta misozi. Mudzi wonse unabwera kudzaona njingayo. Koma kwathu ndi kumapiri, chakumtunda kwa Tsangano, ndipo njinga yopangidwira simenti ya m'chipatala sinathe mvula ziwiri. Tsiku lina m'mwezi wa Juni tikuwotha moto anandiitana: "Mphwanga, tandiyang'anire phazi ili, ndikumva fungo la chinthu chikupsa." Linali phazi lawo lomwe, litagunda chikuni, iwo osamva kanthu. Agogo anayesa zonse zimene ankadziwa. Anaitana wotema mphini, anawathowa ndi madzi otentha, anawafunditsa bulangeti lonse la m'nyumba. Chimene panalibe wowauza n'chakuti munthu wotere sayenera kugonera mbali imodzi nthawi yaitali. Pa thako panatuluka chilonda chimene chinakumba mpaka fupa, mkodzo unayamba kununkha, thupi kutentha. Anthu ankati ndi malungo. Sanathe zaka ziwiri.

Chimandiwawa n'chakuti nzeru imene ikanawasunga inali itadziwika kale zaka pafupifupi 30 m'mbuyomo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ambiri othyoka msana ankafa pasanathe miyezi, ndipo chowapha chinali zilonda zogonera ndi matenda a chikhodzodzo ofika mpaka ku impso. Mu 1944 dokotala wina Myuda wothawa Hitler, Ludwig Guttmann, anatsegula wodi ya anthu otere ku chipatala cha Stoke Mandeville ku Mangalande. Mtsempha woduka sanaulumikize, ndipo mpaka lero palibe dokotala amene amatha kuulumikiza. Iye anangolamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, kuti mkodzo uzichotsedwa ndi paipi yaukhondo, ndi kuti aliyense aphunzire ntchito ya manja ndi kuchita masewera. Anthu anasiya kufa. Mu Julayi 1948 odwala 16 anapikisana kuponya mivi pa bwalo la chipatalacho, ndipo kampikisano kameneko ndiko kanabala masewera a Paralympics amene anachitika koyamba ku Rome mu 1960. Taganizani, mankhwala aakulu anali pilo, wotchi ndi munthu wodzuka usiku.

Ku Malawi ntchito yophunzitsa thupi lolumala inalowera khomo la poliyo. Boma linakhazikitsa MACOHA ndi lamulo la 1971, ndipo mu 1979 kunabadwa bungwe la Malawi Against Polio, limene ambiri timangoliti MAP. Anthu ake ankayendera zipatala za m'maboma ndi ndodo, nsapato za zitsulo ndi njinga zopalasa ndi manja. Poliyo atachepa chifukwa cha katemera, bungweli linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, ndipo malo ake a Kachere ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu, anasanduka kumene othyoka msana ndi akufa ziwalo amakachitira mafizo. Mu 1985 Dr Ed Blair anayamba kuphunzitsa makiliniko ofesa a za mafupa, ndipo mpaka lero wothyoka akafika pa chipatala cha boma, kawirikawiri amene amayamba kumugwira ndi mmodzi wa iwowa.

M'zaka zomwezo Ntcheu inalandira alendo. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo anadzaza m'mbali mwa msewu wa ku Biriwiri ndi Lizulu, kumene malire ndi msewu womwewo. Ena anabwera ndi zipolopolo m'thupi, ena ataponda mabomba okwirira. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 anabwerera kwawo, olumala awo ali kumsana.

Nanga dokotala wa ubongo anali kuti? Apa mbiri yathu ili ndi manyazi ake. Pa nthawi imeneyo dziko lonse linali ndi Mmalawi mmodzi yekha wodziwa kuchita opaleshoni ya ubongo, Dr George Mtafu. Mu 1989, pamene anthu ochokera kumpoto ankasalidwa poyera, anamumanga popanda kumuzenga mlandu n'kukamutsekera ku Mikuyu, kumene kunalinso mlakatuli Jack Mapanje. Anatuluka mu 1991. Ndimadzifunsa za munthu amene anagwa pa lole ya mbatatesi pa Mlangeni mu 1990, magazi akudzaza m'chigaza, manja amene akanamuboola ali m'ndende.

Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho cha 1989 dzina la Blantyre linalowa m'mabuku a madokotala a dziko lonse. Ku Glasgow mu 1974, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anapanga muyeso wodziwira kuzama kwa chikomokere poona ngati wodwala akutsegula maso, akuyankhula, ndiponso akusuntha akamutsina. Masiku ano mapointi ake amayambira 3 kufika 15. Koma khanda silingayankhe funso lakuti lero ndi lachingati. Choncho Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, pothandiza ana odwala malungo a mu ubongo ku Gulupu, anakonza muyeso wa ana woyambira 0 kufika 5, woona maso, kulira ndi kusuntha. Umatchedwa Blantyre Coma Scale. Pa chipatala chomwecho, makina a MRI atabwera mu 2008, anapeza kuti ana ambiri amene amafa ndi malungowa amafa chifukwa ubongo watupa mpaka kupanikiza phata lija loyendetsa kupuma. Ndi nkhani yomwe ija ya chibonga: chigaza sichifutukuka.

Lero chibonga chachikulu ndi msewu. Mu Meyi 2019 lole inalowa mumsika pa Kampepuza n'kupha anthu oposa 15. Onjezani maminibasi, ogulitsa tomato ndi kabichi m'mphepete mwa phula pa Lizulu, ngolo zopanda nyali, ana akugwa m'mitengo ya mango, ndi anyamata a kabaza ya njinga zamoto amene anyamula anthu awiri kapena atatu, chisoti chili chimodzi, nacho chitakolekedwa pa chiwongolero. Ngozi ikachitika anthu athu ndi achifundo, amathamanga. Wina miyendo, wina manja, mutu uli lendelende, n'kumuponya kumbuyo kwa pikiapu. Apa ndi pamene fupa limene linangosweka limatsetsereka n'kudula mtsempha umene unali usanaduke. Pofunika ndi chitseko kapena thabwa, anthu anayi onyamula pamodzi, ndi mmodzi wogwira mutu kuti ukhale molunjika ndi thupi. Cha m'ma 2019 boma, ndi thandizo la World Bank, linayesa maambulansi ndi nambala ya 118 pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Ine ndikuti ngakhale ambulansi itabwera, woyamba kufika pa ngozi adzakhalabe mayi wogulitsa anyezi, ndipo ndi iyeyo ayenera kuphunzitsidwa.

Zinthu zasuntha ndithu. Sukulu ya madokotala imene inatsegulidwa mu 1991 inayamba kuphunzitsa a mafizo mu 2010, ndipo mu 2023 pa chipatala cha Kamuzu Central panatsegulidwa LION, chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo. Komabe kuchoka pa boma la Ntcheu kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo wa ku Kasinje kapena Ganya ayambe wafika pa bomapo.

Akatuluka m'chipatala, wovulalayo amabwerera kumudzi komwe kuja. Wovulala mutu amaoneka wochira, koma amaiwala, sachedwa kupsa mtima, mwina amayamba kugwa khunyu, ndipo anthu amati wayamba chamba. Wovulala msana amapeza khomo la chimbudzi ndi lopapatiza, njinga siilowa, mphasa ili pa dothi louma. Amene amadzuka usiku kudzamutembenuza nthawi zambiri ndi mkazi wake kapena mayi ake okalamba, ndipo m'mawa yemweyo akufunikanso ku dimba.