Mbiri ya Mulunguzi ili kunsi kwa mwala

Aliyense amene adakwerapo phiri la Zomba adawamva mawu awa: madzi a Mulunguzi n'ngoyera mbee, ungamwe ndi manja. Amatero anyamata operekeza alendo ku mathithi a Williams, amateronso amayi ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu. Ine mawuwa ndimawakayikira. Mtsinje ukhoza kuoneka woyera mu Ogasiti pomwe zamoyo zake zidakwiririka ndi matope a mu Januwale.

Makolo ankazindikira khwawa lamoyo poona nkhanu, achule ndi mitengo ya katope m'mbali mwake. Zolembedwa zimayamba ndi atsamunda. Zomba idakhala likulu mu 1891, ndipo phirili lidasanduka nkhalango yotetezedwa mu 1913. Cha m'ma 1906 adabweretsa nsomba za trout, zomwe sizipirira madzi ofunda kapena amatope. Kukhazikika kwake mu Mulunguzi ndi umboni woti mtsinjewu udali wozizira ndi wamthunzi, ngakhale nsombazo n'zachilendo ndipo zimadya tizilombo ta mumtsinje momwemo. Kenaka padadza minda ya paini, mtengo wochokera ku Mexico.

Nzeru yoyeza mtsinje poona zamoyo zake idayambira kutali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Richard Kolkwitz ndi Maximilian Marsson a ku Germany adaonetsa kuti mtundu wa tizilombo topezeka m'madzi umaulula kuipa kwa madziwo. Ku South Africa, Mark Chutter adakonza muyeso wake mu 1972, ndipo ntchito yakeyo idabala njira ya SASS, imene mtundu wake wachisanu udasindikizidwa mu 2002. Anzathu a ku Zambia adaisintha kuti igwirizane ndi mitsinje yawo.

Njirayi njosavuta. Woyeza amaima m'madzi, kaukonde kali kumunsi kwake, n'kumapalasa miyala ndi mapazi kwa mphindi ziwiri. Zokodwa amazikhuthulira m'mbale yoyera n'kuziwerenga kwa mphindi 15. Banja lililonse la tizilombo lili ndi malikisi, kuyambira 1 mpaka 15. Nyongolotsi zimapata 1 chifukwa zimakhala ngakhale m'chithaphwi chonunkha. Nkhanu ndi misundu zimapata 3. Koma kamphutsi kaphwatalala ka mayfly, ka timichira titatu, kamene kamakanirira kunsi kwa mwala pa madzi othamanga, kamapata 13. Kotere kakapezeka, ndiye kuti mpweya m'madzimo wakhala wokwanira kwa miyezi, osati lero lokha.

Kwathu kuno mtima udapita kwina. Tauni ya Zomba itakula, padamangidwa damu lalikulu la Mulunguzi, losunga madzi oposa makyubiki mita 3 miliyoni, lomwe lidayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Idali ntchito yofunika, palibe angatsutse. Koma m'zaka zotsatira paini adakhwima ndipo adadulidwa malo aakuluakulu nthawi imodzi. Macheka adalira phiri lonse, magalimoto a matabwa akutsika usana ndi madzulo. Kubzala kudatsalira m'mbuyo, ndipo pomwe mbande zidabzalidwa, moto wa mu Seputembala ndi Okutobala udazipsereza. Ootcha makala ndi otola nkhuni, omwe ambiri alibe pena pogwira, adatsikira m'makwawa momwe mudatsala mitengo yachilengedwe.

Mtsinje ukataya mthunzi umafunda, ndipo madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Masamba ogwera m'madzi, omwe ndi chakudya cha tizilombo tambiri, amasowa. Mvula yoyamba imakokolola dothi ndi phulusa n'kutseka mipata ya pakati pa miyala, ndipo m'mipatamo ndi momwe tizilomboti timakhala ndi kubisala. Damu limalandira matopewo, amadikha pansi, ndipo pampopi madzi amatulukabe oyera. Apa mpomwe ndikuona kuti tidasokera: tidazolowera kufunsa ngati madzi a m'paipi n'ngabwino kumwa, funso loyenera ndithu, koma tidaleka kuyang'ana mtsinje umene umawabereka. Mtsinje womwewu ukatsika phiri umathira mumtsinje wa Likangala, umene umakathera m'nyanja ya Chilwa, ija idaphwa mu 1968 ndi mu 1995.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kuyezaku sikulira ndalama zambiri. Pali njira yachidule ya miniSASS, ya magulu 13 okha a tizilombo, imene ana asukulu angaithe ndi chidutswa cha neti yakale ndi beseni loyera.

Tsiku lina ndidavundukula miyala iwiri mumtsinjewu. Woyamba udali pamthunzi, ndipo kunsi kwake kudamatirira tinyumba ta mchenga, totalika ngati kachitsotso ka machesi, tomwe mphutsi za caddisfly zimadzimangira. Kamphutsi ka michira itatu kadathamangira m'mphepete, kuthawa kuwala. Wachiwiri udali pamtetete, pakati pa zitsa za paini. Udandivuta kuzula chifukwa udali utamira m'matope, ndipo nditautembenuza ndidangopeza ndere ndi timphutsi tiwiri tofiira.