Mbiri ya Mapanga a ku Mossel Bay

Kumwera kweni-kweni kwa Africa, mamailosi ngati 240 kum'mawa kwa mzinda wa Cape Town, kuli tauni ya pa gombe dzina lace Mossel Bay. Tauniyi iri m'dziko la South Africa, m'mphepete mwa nyanja yaikuru ya madzi amcere yochedwa Indian Ocean. Alendo ambiri amapitako caka ndi caka kukaona matanthwe atali-atali amene aima m'mbali mwa madzi, ndiponso mapanga amene ali m'matanthwemo. Kwa nthawi yaitali mabuku ambiri ankayamba mbiri ya malowa ndi caka ca 1488, pamene zombo za Apwitikizi zinafikako. Koma mapangawo asonyeza kuti Apwitikizi anali alendo ofika mocedwa, pakuti anthu anali atakhala kale pamenepo zaka zikwi zambiri-mbiri.

Njira ya pa Matanthwe

Kumapeto kwa tauni kuli phiri lamiyala lolowerera m'nyanja, lochedwa Cape St Blaize. Pamwamba pace pali nsanja ya nyali imene inamangidwa m'caka ca 1864, kuti izicenjeza zombo usiku zingagunde miyala. Kunsi kwa nsanjayo kuli phanga lalikuru lopenya kunyanja. Pa phangali ndi pamene payambira njira ya miyendo imene iyenda pamwamba pa matanthwe mamailosi 8, kulowera cakumadzulo, kufikira ku mudzi wa Dana Bay.

Woyenda m'njirayi amaona phompho kumanzere kwace, ndipo pansi pa phomphopo mafunde amaomba miyala usana ndi usiku osapuma. Mbira zimaothera dzuwa pa miyala, ndipo kuyambira June kufikira November anangumi amabwera kufupi ndi gombe. Nyanja imeneyi isiyana ndi Nyanja ya Malawi pa cinthu cimodzi cacikuru: madzi ace amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Mwezi ukakhala kumene, kapena ukakhala wathunthu, madziwo amaphwa kwambiri, nasiya poyera miyala yodzala ndi nkhono za m'nyanja.

Mapangawo anaboola ndi mafunde omwewo. Kale-kale madzi a m'nyanja anali pamwamba kuposa lero, ndipo mafunde ankakumba thanthwe pamene linali lofewa. Madziwo atatsika, mapanga anatsala pouma. Mapanga ochuka koposa ali pa malo ochedwa Pinnacle Point, m'njira yomweyi. Mlendo amatsikirako pa makwerero amatabwa, motsogozedwa ndi munthu wodziwa malowo.

Kufika kwa Zombo

M'mwezi wa August 1487 mfumu ya ku Portugal, João II, inatuma Bartolomeu Dias kuti akafune njira ya pa nyanja yopita ku India. Dias anatsata gombe la kumadzulo kwa Africa kulowera kumwera. Pambuyo pace anayenda masiku ambiri osaona mtunda, ndipo atatembenukira kumpoto anafika pa gombe la Mossel Bay pa 3 February 1488. Anali atazungulira nsonga ya Africa osaiona. Tsiku limenelo Akristu a kwao amakumbukira woyera mtima wochedwa Blaise, ndipo dzina la Cape St Blaize linacokera pamenepo.

Pa gombepo panali anthu a mtundu wa Khoikhoi, oweta ng'ombe ndi nkhosa. Panalinso kasupe wa madzi abwino. Kwa anthu oweta, kasupe ndiye cuma ca mudzi, ndipo mlendo sayamba kutunga asanapemphe kwa eni ace. Amalinyero a Dias anatsika natunga madzi. Eni dziko anawaponya miyala ali pa citunda, ndipo Dias analasa mmodzi wa iwo ndi mubvi, namupha. Umu ndi m'mene kunayambira kudziwana kwa Azungu ndi anthu a dziko limenelo.

Pa 25 November 1497 kunafikanso Vasco da Gama, nakhalako masiku 13. Poyamba zinthu zinayenda bwino. Apwitikizi anagula ng'ombe yakuda ndi zibangiri zitatu. Eni dziko anabwera ambiri, naliza zitoliro zao ndi kubvina, ndipo amalinyero anaomba malipenga nabvina nao, ngakhale da Gama yemwe. Koma mkangano wa madzi unabukanso, kotero kuti Apwitikizi anaomba mizinga kuti aopseze anthu. Asanacoke anaimika mtanda ndi cipilala. Zombo zisanapite patali, eni dziko anagwetsa zonse ziwiri, amalinyero alikupenya.

Kucokera pamenepo da Gama anatsata gombe la kum'mawa. Anaima pa mtsinje wa ku Quelimane mu January 1498, nafika ku Calicut m'dziko la India mu May caka comweco. Njira imeneyi ndiyo inadzafikitsa Apwitikizi ku Zambezi, kumene anakhazikika pa Sena ndi pa Tete, nayamba malonda a minyanga ndi mafumu a Amaravi.

Kalata ya m'Nsapato

Popeza zombo zambiri zinkaima pa kasupe uja, amalinyero anayamba kusiyirana mauthenga pamenepo. M'caka ca 1501 Pêro de Ataíde, pobwerera kucokera ku India, analemba kalata yocenjeza anzace za nkhondo imene inabuka pakati pa Apwitikizi ndi anthu a ku Calicut. Nkhani imati anaika kalatayo m'nsapato, naikoleka pa mtengo pafupi ndi kasupe. Caka comweco João da Nova, popita ku India, anaipeza naiwerenga, ndipo anadziwiratu za tsoka limene linali patsogolo pace. Mtengo umene anthu amati ndi womwewo ulipobe, ndipo pafupi pace pali bokosi loponyamo makalata lopangidwa ngati nsapato.

Dzina la Mossel Bay linadza m'caka ca 1601. Analicha ndi Paulus van Caerden, mwini combo wa ku Holland, cifukwa ca nkhono za zigoba ziwiri zimene m'cinenero ca kwao amati mossel.

Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Anthu a mtundu wa Khoikhoi amene anagulitsa ng'ombe ija sanadziwe cimene cinalikudza pambuyo pa zombozo. Mu 1652 anthu a ku Holland anakhazikika ku Cape Town, ndipo pang'ono-pang'ono alimi ao anafalikira kum'mawa, natenga mabusa ndi akasupe. Mu 1713 nthomba inafika ndi zombo, nipha Akhoikhoi ambiri. Otsala ambiri anataya ng'ombe zao, nasanduka anchito pa minda ya Azungu. Zonse zodziwika za masiku a Dias ndi da Gama zinalembedwa ndi alendo okha-okha. Mau a eni dziko sanalembedwe, ndipo ngakhale dzina la munthu uja analasidwa pa kasupe silipezeka m'buku liri lonse.

Dzala la m'Phanga

Pali njira yina yodziwira za anthu amene sanasiye kalata. Mudzi uli wonse uli ndi dzala lace, ndipo munthu wofukula dzala la pa bwinja angathe kudziwa cimene eni mudziwo ankadya, mbiya zimene ankaumba, ndi zida zimene ankagwiritsa nchito. Zinthu zapansi ndizo zakale, zapamwamba ndizo zatsopano. M'phanga dzala limasungika bwino, cifukwa mvula silifika.

Woyamba kufukula phanga la Cape St Blaize anali George Leith, m'caka ca 1888. Anapezamo zigoba za nkhono ndi miyala yosemedwa ndi manja a anthu. Mu 1932 John Goodwin wa ku sukulu yaikuru ya Cape Town anafukulanso momwemo. Koma masiku amenewo kunalibe njira yopimira zaka za zinthu zotere.

Mu 1997 anthu ena anafuna kumanga nyumba ndi bwalo la masewera pamwamba pa Pinnacle Point. Nchito isanayambe, akatswiri awiri, Peter Nilssen ndi Jonathan Kaplan, anayendera malowo kuti aone ngati pali zinthu zakale zoyenera kusungidwa. Iwo anaona kuti m'mapangamo muli madzala akuya. Kuyambira m'caka ca 2000 Curtis Marean wa ku America, pamodzi ndi Nilssen ndi anzao ambiri, anayamba kufukula. Nchito yotere siifuna khasu. Amakanda dothi pang'ono-pang'ono ndi timipeni, nalemba malo a kanthu kali konse kamene akapeza. Zaka amazidziwa popima mcenga ndi makina amene amasonyeza nthawi imene mcengawo unaona dzuwa komaliza usanakwiririke.

Mu 2007 anafalitsa zimene anapeza m'phanga lina limene analipatsa nambala ya 13B. Anthu ankakhala m'phangamo zaka 164,000 zapitazo. Ankasonkha moto, natola nkhono za m'nyanja ndi kuzidyera momwemo. Umenewu ndi umodzi wa maumboni akale koposa osonyeza anthu alikudya zakudya za m'nyanja. Kutola nkhonozi kumafuna nzeru, pakuti zimapezeka zambiri pa masiku okha amene madzi aphwa kwambiri, ndipo munthu wopita pa miyala pa nthawi yolakwika angathe kukokoledwa ndi mafunde. Cifukwa cace akatswiri aganiza kuti anthuwo ankapenya mwezi ndi kuwerenga masiku.

M'dzala lomwelo munali zidutswa 57 za mwala wofewa wofiira ngati katondo. Zina zinali zoperesedwa pa mwala unzace kuti zituruke ufa. Pakati pa miyala yotere anthuwo ankasankha yofiira kwambiri, ndipo ici cisonyeza kuti ankafuna utoto, kapena wodzola m'thupi kapena wolembera zizindikiro.

Cina codabwitsa cinali nzeru yao ya moto. Kufupi ndi kumeneko kuli mwala wochedwa silcrete, umene subvomera kusemedwa bwino uli wauwisi. Mu 2009 akatswiri anasonyeza kuti anthu a ku Pinnacle Point ankaocha mwalawu mosamala, monga woumba aocha mbiya, kufikira utasanduka wonyezimira ndi wosabvuta kusema. Zaka 72,000 zapitazo nchitoyi inali itazolowereka kale. Kucokera ku miyala yoochayo ankasema timipeni tating'ono takuthwa, toyenera kulumikiza ku mtengo ngati nsonga za zida zoponya. Luso la timipenito linakhala zaka ngati 11,000 osatayika. Luso silingakhale nthawi yotere popanda akulu ophunzitsa ana ao, mbadwo ndi mbadwo.

Anthuwo anaonanso masautso. Pa nyengo zina dziko lonse linkazizira, madzi ambiri naundana kumpoto ndi kumwera kwa dziko lapansi. Pamenepo nyanja inkaphwa nithawira kutali mamailosi ambiri, ndipo patsogolo pa mapanga pankakhala cigwa ca udzu ndi nyama. Zaka 74,000 zapitazo phiri la moto lochedwa Toba linaphulika ku Sumatra, m'dziko la Indonesia, ndipo phulusa lace linauluka kutali-tali. Mu 2018 akatswiri ananena kuti anapeza timibulu ta phulusalo m'dzala la ku Pinnacle Point. Pansi pa phulusalo ndi pamwamba pace pomwe panali moto ndi zida za anthu, kusonyeza kuti sanacoke ndipo sanathe.

Phunziro la Mapangawa

Mu July 2024 bungwe la UNESCO linalemba Pinnacle Point, pamodzi ndi Diepkloof ndi Sibhudu, m'kaundula wa malo amene ali cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. M'kaundula yemweyo muli Chongoni wa ku Dedza, amene analembedwamo mu 2006 cifukwa ca zithunzi za pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Acewa. Zithunzi za ku Chongoni ndi zatsopano kwambiri poyerekeza ndi dzala la ku Pinnacle Point, koma malo onse awiri asunga nchito za anthu amene sanadziwe cilembo.

Kuwerenga ndi kulemba ndi cinthu ca mtengo wapatali. Kalata imodzi ya m'nsapato inacenjeza zombo za João da Nova, ndipo munthu amene waphunzira kuwerenga atakula kale wacita bwino ndithu. Koma munthu wotere asayese kuti makolo ace, popeza sanalembe, analibe mbiri kapena nzeru. Kucokera tsiku la kufika kwa Dias kufikira lero papita zaka zopitirira pang'ono 500. Kucokera pamene moto unasonkhedwa m'phanga la 13B papita zaka 164,000, ndiye kuti nthawi ya Dias kuiwirikiza koposa ka 300. Anthu a m'phangamo anali Aafrika, a thupi lofanana ndi la anthu a lero, ndipo anadziwa mwezi, moto, utoto ndi kuphunzitsa ana.

Cifukwa ca ici mlendo wolowa m'mapangawa saloledwa kukumba pansi, kapena kutola cigoba ngakhale cimodzi kuti apite naco kwao. Cigoba cikacoka pa malo pace, sicingathenso kunena kuti ndi ca nthawi iti, monga tsamba long'ambidwa m'buku silidziwika pamene linali. Lamulo lomweli liyenera phanga, bwinja ndi mwala wa zithunzi uli wonse umene uli pafupi ndi mudzi wa wowerenga. Ana oweta mbuzi akapeza mapale akale kapena zithunzi pa thanthwe, nkwabwino kuwaletsa kuzikanda, ndi kukauza mfumu ya mudzi kapena aphunzitsi, kuti odziwa kuwerenga za m'nthaka adzazione zisanaonongeke.