Mono wa Agogo ndi Makoka a ku Malombe

Ndinakulira pakati pa Mitundu ndi Nathenje, dera limene mwana amatha kulemba mayeso a Sitandade 8 asanaionepo nyanja. Koma nsomba tinkazidziwa. Zina zinkabwera zouma m'madengu kuchokera ku Salima ndi ku Mangochi, usipa, utaka ndi kambuzi, n'kumagulitsidwa m'milu pamsika wa Mitundu. Zina tinkagwira tokha kudambo.

Kumunsi kwa dimba la agogo anga aakazi kunali dziwe limene silinkaphwa msanga. Munthu sankalikhudza mpaka anyakwawa atanena. Ankadikira kuti dzuwa la Okutobala liphwetse madzi, kenako mudzi wonse unkatsikirako tsiku limodzi, amayi atakwinda nsalu, ife ana tikukapa madzi ndi mabeseni, milamba ikuphiriphitha m'matope. Dzuwa likapendeka zinkathera pomwepo mpaka chaka china. Pamtsinje agogo ankatchera mono woluka ndi nsungwi, ndipo poluka ankapisa chala pakati pa timitengo kuti mpata usachepe. Tsiku lina nditaona timatemba tikupulumukira m'mipatamo ndinafuna kutseka ndi udzu. Anandimenya kadzanja, nati tomweto ndi ndiwo za chaka chamawa.

Ndakula ndisanazindikire kuti agogo ndi anyakwawa ankachita zimene akatswiri a nsomba akhala akulimbana nazo kunyanja kwa zaka zoposa 80. Agogowo ndi anyakwawa sankawerenga nsomba. Nsomba zili m'madzi palibe angaziwerenge. Ankawerenga masiku osodza, manja olowa m'dziwe ndi kukula kwa mpata wa mono. Kunyanja nkhani ndi yomweyo: mabwato angati, makoka angati, aponyedwa kangati, maso ake ndi aakulu bwanji. Khoka likamafuna kuponyedwa kakhumi kuti lidzaze dengu limene kale linkadzaza ndi kamodzi, ndiye kuti nsomba zikutha, ngakhale msika ukhale wodzaza.

Kuyeza kolemba pa pepala kunayamba m'nthawi ya atsamunda. Mu 1939 akatswiri atatu a ku Britain, Bertram, Borley ndi Ethelwynn Trewavas, anayendera nyanja ndi magombe ake, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Pambuyo pawo, kuyambira 1945 mpaka 1947, kunabwera Rosemary Lowe, amene anafufuza za moyo wa chambo: kumene chimaswanira, miyezi yake, ndi msinkhu umene chimayambira kuswa. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa, zimene msodzi aliyense wa ku Mangochi ankadziwa kale. Ukachigwira m'miyezi imeneyo wapha banja lonse. Lamulo lotseka nyanja kwa asodzi a makoka kuyambira mwezi wa Novembala latsamira pa mfundo imeneyi.

Eni nthaka nawo sanadikire pepala. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Makanjira inakhazikitsa m'zaka za m'ma 1950 lamulo lakuti asodzi achoke pachilumbapo nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Lamulolo likugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo wolitsatitsa ndi mfumu ndi komiti yake. Ndikamva za Mbenji ndimaona dziwe lathu lija litakula.

Kumene zinavuta, ndipo kumene ndimafuna aliyense wodya nsomba akudziwe, ndi ku nyanja ya Malombe. Nyanjayi ndi yaing'ono ndiponso yosazama, mtsinje wa Shire umadutsamo ukangotuluka m'nyanja ya Malawi. Mu 1982 asodzi anavuulamo chambo choposa matani 8,000. Patangopita zaka khumi sichinkafikanso matani 1,000. Chinachitika n'chiyani? Makoka a kambuzi a maso ang'onoang'ono anachuluka, kenako kunafala khoka la nkacha, limene amaliponya pakati pa nyanja, munthu n'kubira pansi kukamanga kunsi kwake kuti pasapulumuke kanthu. Makoka otere akufuna kambuzi, koma amakokera kumodzi kasawala, ana a chambo, ndipo amazula zomera za pansi pamene tinsomba timabisala. Chomvetsa chisoni n'chakuti kwa zaka zingapo madengu ankadzazabe. Chambo chikuchepa, kambuzi akuchuluka pamsika, ndipo ife a ku Mitundu tinkangoti ndiwo zilipo. Amayi anga ankadandaula kuti mulu ukuchepa, tinsomba tikunka titeperatepera, koma mlandu ankaupereka kwa ogulitsa.

Boma litaona kuti apolisi a nsomba okha sangathe, mu 1993 linayamba kugwira ntchito limodzi ndi asodzi a ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire. Anakhazikitsa makomiti a m'magombe, ndipo atakambirana anagwirizana kuti maso a nkacha ndi khoka la kambuzi asachepere mamilimita 19. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano losamalira nsomba, lopatsa anthu a m'midzi gawo poyendetsa usodzi. Maganizowo anali abwino, ndipo makomiti otere anafalikira m'magombe ena. Koma chambo ku Malombe sichinabwererenso mmene chinalili. Mmene ndikuonera ine, anakonza mpata wa mono ndi tsiku lotsikira kudziwe, koma analephera pa chinthu chachitatu, chovuta kuposa zonse: kuletsa manja kuchuluka. Aliyense wopeza ndalama ankagula khoka n'kulemba anyamata. Ndipo ndani angauze mnyamata wopanda munda, wopanda ntchito, kuti nyanja yadzaza, abwerere kwawo?

Mpaka pano a Dipatimenti ya za Nsomba amayenda m'magombe kuwerenga mabwato, maukonde ndi asodzi, ndipo alembi awo amakhala padoko ndi sikelo kuyeza zimene zatuluka. Ena mwa akatswiri ogwira ntchito imeneyi anaphunzira pakhomo pathu pomwe, ku Bunda, koleji imene inakhala gawo la LUANAR mu 2012, kumene kuli maiwe a nsomba ndi maphunziro a usodzi. Zimandikhudza kuti nzeru yoyeza nyanja ikuphunzitsidwa m'tsinde mwa phiri la Bunda, pamene madambo oyandikana nalo akusesedwa ndi masikito. Chaka chatha ndinapeza anyamata awiri akukoka neti ya udzudzu m'dziwe la agogo lija, mwezi wa Febuluwale, madzi ali odzaza. M'chidebe mwawo munali timatemba tosaposa chikhadabo, pamodzi ndi mbululu. Palibe anawatuma, palibenso anawaletsa.

Ife a kumtunda sitiponya khoka ku Malombe, koma ndalama imene imalikoka ndi yathu. Lamulo limati chambo chosafika masentimita 15 sichiyenera kugwidwa, ndipo kutalika kumeneko ndi kwa bolopeni imene ili m'thumba mwanu. Mukaima pamsika wa Mitundu kapena pamsewu pa Nathenje n'kuona mulu wa kasawala wosafika pamenepo, musagule, ndipo muuzeni wogulitsayo chifukwa chake. Nanu mafumu athu a m'madambo, bwezeretsani tsiku lotsegulira dziwe, ndipo masikito abwerere kuchipinda.