Chipsera cha Kubusa ndi Nyali ya ku London

Ambuye anga, amene adakalambira m'mudzi wina wa m'munsi mwa mapiri a Mphangwe m'dziko la Katete, adali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere, chotalika ngati theka la chala, ndipo ife adzukulu tikati tichikhudze madzulo tili kuotha moto, iwo ankayamba kuseka, nasuntha mpando wawo, natiuza nkhani imene tidali titaimva kale kosawerengeka. Ankati tsiku lina ali mnyamata, ng'ombe zitagona pamthunzi kudambo, adalimbana ndodo ndi mbusa mnzawo wa m'mudzi wa kutsidya, mwana wa mwazi wa Angoni, amene adagwetsa phewa ngati alinga bondo, ndipo pamene ambuye adatsitsa ndodo yawo kuti atchinge, ndodo ija idakwera ngati mphezi nkutera pachipumi. Chimene chinkandidabwitsa ndili mwana n'chakuti wogonja ndiye ankaikamba nkhaniyo monyadira, nkumaimirira ndi mawondo ake olobodoka kutionetsa mmene phewa lija lidagwera.

Mwambo umenewu sudali wa Achewa poyamba, chifukwa makolo athu a kwa Kalonga Gawa Undi adali anthu a uta ndi mivi, amene ankadziwa kumenya mdani ali patali, ndiponso anthu a khasu, a ng'anjo ndi a dambwe. Chishango cha chikopa cha ng'ombe, nthungo yaifupi yolasira pafupi ndi chibonga zidadza ndi anthu a Zwangendaba, amene adathawa nkhondo za kumwera m'masiku a Shaka, nawoloka Zambezi mu Novembala 1835, pa tsiku limene kadamsana adaphimba dzuwa masanasana. Mfumuyo itamwalira kutali kumpoto, ku dziko la Afipa, ana ake adagawikana, ndipo Mpezeni adatembenukira kumwera, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, asanakhazikike m'dziko limene lero tilitcha Chipata. Amene amadziwa njira yochoka ku Sinda kudzera ku Katete ndi Chadiza mpaka ku Vubwi, kumene malire a Zambia, Mozambique ndi Malawi amayandikana, adziwe kuti midzi ya m'njira imeneyo idalawa mkondo wa Angoni, kotero kuti ena adamanga malinga, ena adathawira kumapiri, ndipo ambiri adagwidwa nasanduka Angoni iwo eni, popeza mtundu umenewo unkakula ndi ana a mitundu ina. Akazi a Chinsenga adawalanda Angoni chilankhulo chawo m'nyumba momwemo. Koma Angoni nawo adasiya ndodo m'manja mwa ana a eni dziko.

Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi, ochokera ku dziko limene pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland, adadza ndi mfuti zazikulu, ndipo zishango zimene zidaopsa dziko kwa mbadwo wathunthu zidapezeka kuti sizitchinga chipolopolo. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene adatsogolera nkhondoyo, adaomberedwa; ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa; mwambo wa Nc'wala udazima kufikira 1980. Anyamata amene akadakhala ankhondo adasanduka olipira msonkho, nayamba ulendo wa ku Halale ndi ku migodi. Koma palibe bwanamkubwa amene angaletse mbusa kudula ndodo kuthengo, ndipo luso lija, litachotsedwa m'manja mwa akuluakulu, lidabisala kubusa, kumene lidakhala seweru la ana osavala nsapato.

Seweru limeneli lidali ndi malamulo ake, angakhale sadalembedwe m'buku. Kwa Azulu ndi Axhosa, kumene lidachokera ndipo likadalipo, munthu amagwira ndodo ziwiri, ina yomenyera, ina yotchingira, ndipo Nelson Mandela yemwe adalemba m'mbiri ya moyo wake kuti adaliphunzira ali mbusa ku Qunu. Kwathu, monga ambuye ankanenera, ndodo siinkasongoledwa, wogwa pansi sankamenyedwa, ndipo magazi akangooneka, mbusa wamkulu ankalowa pakati nkunena kuti zakwana. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: wamkulu msinkhu sankaloledwa kuputa kamwana. Woweruza adali mabwalo awiri, maso a anzako ndi thupi lako lomwe, pakuti chotupa cha pamutu sichinama, ndipo munthu sangakane kuti wamenyedwa pamene magazi ali kutsikira m'diso.

Tsono ndidadabwa, nditakula, kumva kuti Azungu nawo ali ndi seweru lotere, la malupanga owonda osathwa, limene amalitcha fencing, ndi kuti lakhala pa Masewera a Olimpiki chiyambire pa oyamba a ku Athens mu 1896. Nawonso adalitenga ku nkhondo ndi ku mwambo wa amuna awiri othetsa mkangano ndi lupanga, umene nthawi zambiri unkatha magazi oyamba akatuluka, monga momwe zinkathera kudambo kwathu. Koma iwo atavala chisoti cha waya kumaso ndi malaya ochindikala, naika kabatani kunsonga ya lupanga, adapulumutsa thupi nataya mboni, chifukwa tsopano panalibe bala loti liuze anthu amene walasa mnzake. Adaika oweruza anayi m'mbali ndi wachisanu wowatsogolera, nadalira ulemu wa wosewera kuti avomereze yekha akakhudzidwa. Ndipo aliyense amene adakhalapo pabwalo la milandu adziwa kumene chikhulupiriro chotere chimathera.

Ku Paris mu 1924, Mtaliyana wina waluso, Oreste Puliti, adanenezedwa kuti anzake a dziko lake ankamugonjera dala kuti akwere, ndipo woweruza wa ku Hungary, György Kovács, adali m'gulu la omuneneza. Puliti adachotsedwa pa mpikisano, mawu oipa adatuluka, ndipo patapita miyezi ingapo amuna awiriwo adakumana ndi malupanga akuthwa enieni, nachekana onse awiri mpaka mboni zawo zidawaletsa. Onani mmene seweru lopangidwa kuti lithetse magazi lidabwerera ku magazi chifukwa chosowa woweruza wokhulupirika! Motero akuluakulu a seweruli adapereka mlandu kwa magetsi: lupanga lotchedwa épée lidalumikizidwa ku waya pa Olimpiki ya 1936, lotchedwa foil m'zaka za m'ma 1950, ndipo sabre idatsala m'mbuyo kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pa épée nsonga iyenera kukanikizidwa ndi mphamvu yoposa magalamu 750 kuti nyali iyake, ndipo awiriwo akakhudzana mosiyana ndi kamphindi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, nyali zonse ziwiri zimayaka, onse nkulandira. Diso la munthu silingaone zimenezo, ndipo anthu adati mikangano yatha.

Siidathe ayi. Mu Julayi 1976 ku Montreal, msilikali wa Soviet Union dzina lake Boris Onishchenko, amene adali kale ndi mamendulo a Olimpiki pa mpikisano wa masewera asanu wotchedwa modern pentathlon, adalimbana ndi Mngerezi Jim Fox, ndipo nyali idayaka pamene Fox adadziwa bwinobwino m'thupi mwake kuti lupanga silidamufike. Atadandaula, oweruza adamasula chigwiriro cha lupangalo, napezamo kawaya kobisika ndi kabatani kamene mwini wake ankangodina ndi chala. Onishchenko adathamangitsidwa mwamanyazi, ndipo Angerezi aja ndiwo adatenga golide wa timu. Ine chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi si chinyengocho, popeza wakuba alipo m'mtundu uliwonse kuyambira masiku a Akani mwana wa Karimi, koma kuti amene adagwira wakubayo adali munthu wodalira khungu lake kuposa nyali, ndendende ngati mbusa wa ku Katete.

Koma kukhudza kumene anthu a seweruli sadzakuiwala msanga kudachitika ku London pa 30 Julayi 2012, pamene Shin A-lam wa ku South Korea adakumana ndi Britta Heidemann wa ku Germany, amene adatenga golide zaka zinayi m'mbuyomo ku Beijing. Adalingana 5 kwa 5, napatsidwa mphindi imodzi yowonjezera, ndipo maere adagwera Shin, kutanthauza kuti mphindiyo ikatha popanda wolasa mnzake yekha, iye ndiye wopambana. Padatsala sekondi imodzi. Woweruza adati yambani, nyali ziwiri zidayakira pamodzi; adatinso yambani, zidayakanso ziwiri; ndipo wotchi ija, ngati dzuwa la Yoswa pa Gibeoni, idangoima pa sekondi yomweyo osafuna kutha, mpaka Heidemann adalumpha nalasa yekha, nyali yake nkuyaka. Aphunzitsi a Shin adakadandaula, ndipo popeza kuchoka pabwalo kukadaoneka ngati kuvomera chigamulo, mtsikanayo adakhala pansi m'mphepete mwa bwalo la mamita 14 lija kwa ola lathunthu ndi kupitirira, ali kulira pamaso pa khamu lonse, kufikira oyang'anira mpikisano adabwera kudzamuchotsa. Dandaulo lidakanidwa, usiku womwewo Shin adagonjanso polimbirana mendulo ya mkuwa, ngakhale patapita masiku adapata siliva pamodzi ndi timu yake. Makolo adati mlandu suola, ndipo uwu ukadali wauwisi ku Korea mpaka lero.

Sindikufuna kunena kuti magetsi ndi oipa, kapena kuti chipsera chiposa nyali, chifukwa mtengo wa chipsera ndi wowawa: mu 1982 ku Rome, Vladimir Smirnov, katswiri wa dziko lonse, adafa lupanga la mnzake litathyoka nkuboola chisoti chake, ndipo imfa imeneyo ndiyo idachititsa kuti zitsulo ndi zovala zilimbitsidwe. Ngakhale kwathu, ndodo idasiya ena ndi diso limodzi, ndipo mafumu a masiku ano amene akulimbikira kuti anyamata achoke kubusa apite kusukulu achita bwino. Chimene ndaona n'chakuti mwa kukhudza zikwizikwi kumene nyali yaweruza bwino, palibe amene amakukamba pamoto. Anthu amasunga kokhako kumene kudasiya funso, kapena kumene kudali kokongola kotero kuti wogonja yemwe adakukonda. Ana a Afirika nawo alowamo m'seweruli: Alaaeldin Abouelkassem wa ku Egypt adatenga siliva ku London komweko mu 2012, woyamba wa m'kontinenti muno kupata mendulo ya Olimpiki ya malupanga, natsatidwa ndi Inès Boubakri wa ku Tunisia ku Rio mu 2016. Ndikawaona pa kanema ali kugwetsa phewa kuti anyenge mnzawo, ndimazindikira dzanja limene ndidaliona poyamba pambali pa moto wa zitsononkho.

Lero ndodo ndi chishango zimaoneka poyera pa Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, pamene amuna ovina ingoma amaponda pansi mpaka fumbi kuphimba dzuwa, ndipo nthungo imodzi yokha ndiyo imalawa magazi, ya ng'ombe yakuda imene imalasidwa pamaso pa Inkosi ya Makosi, mfumu yaikulu ya Angoni. Pa mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, zidzukulu za othawira m'malinga zimalandira alendo a Chingoni ndi nthabwala za chibale, osati ndi mivi.

Mbusa wa kutsidya uja ndidamuona kamodzi kokha, pa maliro a mlongo wawo wa ambuye, ali nkhalamba yoyenda ndi ndodo yotsamira. Atatha kupepesa, adakhala pamphasa pafupi ndi ambuye, nayang'ana chipsera chija nthawi yaitali, nati, "Achimwene, chikhalirecho ntchito yanga mukuisungabe?"

Ambuye adayankha motsitsa mawu, poopa anamfedwa, kuti, "Inu mudaona nokha kuti phazi langa lidaterereka pa ndowe."

"Ndowe zake ziti? Kudali kowuma gwa, mwezi wa Okutobala."

Adakangana chonong'ona mpaka nsima idafika, ndipo pamene mnyamata adabwera ndi madzi osamba m'manja, aliyense wa iwo ankakankhira mbale kwa mnzake kuti ayambe ndiye.