Linga la pa Phiri la Mangochi

Munthu wokhala ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, amaona magalimoto usana ndi usiku akupita pa mseu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, ndipo angayese kuti chiyambire kale anthu amakonda kumanga midzi m'mbali mwa njira. Sizinali chomwecho ai. Zaka za pakati pa 1860 ndi 1895 kukhala pafupi ndi njira kunali kudziitanira tsoka, pakuti m'njiramo ndimo munkadzera nkhondo ndi ogula akapolo. Masiku amenewo wofuna kugona tulo ankakwera phiri. M'nkhani ino tikamba za phiri limodzi lotere, limene mabwinja ake alipo kufikira lero, ndipo munthu wolimba miyendo angathe kukawaona ndi maso ake.

Njira ya ku phiri

Phirili ndi la Mangochi, ndipo nsonga yake iri pa mamita opitirira 1,700 kuchokera pa madzi a nyanja yamchere. Wochokera ku Manjawira amayamba walowera kumpoto kufika pa Chingeni, napatukira ku Balaka. Akayandikira Liwonde amatsata mseu wopita cha kumadzulo kwa nyanja ya Malombe mpaka pa boma la Mangochi. Pamenepo amaoloka Shire pa mlatho, nayamba kukwera chitunda cha ku Namwera. Akacheuka ali pa chitundapo amaona Malombe ali ngwee m'munsi mwake. Galimoto siifika pa mabwinja; potsiriza pake munthu amayenda pansi, katundu ali pamutu kapena kumsana, m'kanjira kokwera pakati pa mitengo ndi miyala.

Mudzi wa Jalasi

Azungu asanaikepo njerwa ngakhale imodzi, pa phiri limeneli panali mudzi waukulu wa Jalasi, mfumu ya Ayao, amene Azungu m'makalata ao ankamulemba Zarafi. Ayao anadza m'dziko muno kuchokera kum'mawa, ku dziko limene lero ndi Mozambique. Jalasi anasankha bwino malo ake. Pamwambapo pali chidikha chokwana nyumba ndi minda, madzi alipo, ndipo mdani ankaonekera akali kutali. Njira zokwerera zinali zopapatiza, kotero kuti amuna owerengeka a mfuti, atabisala kuseri kwa miyala, ankatha kubweza khamu lalikulu.

Chuma cha mudziwo chinkachokera ku malonda. Maulendo ankanyamuka kunka ku madooko a kunyanja yamchere, monga Kilwa ndi Quelimane, atasenza minyanga ya njobvu, nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Koma tisabise mau: pamodzi ndi minyangayo ankagulitsanso anthu. Apa ndipo nkhaniyi ikukhudza ife a ku Ntcheu. Ena mwa anthu ogwidwa pa nkhondo za Angoni a kuno ankawagulitsa kwa Mponda, pafupi ndi pamene Shire atulukira m'nyanja, ndipo kuchokera kumeneko njira ya akapolo inkaloza kum'mawa. Motero pakati pa anthu amene anapita cha m'munsi mwa mapiri amenewa ali m'goli, osabwereranso, panali ana a m'midzi ya kuno.

Nkhondo ziwiri

M'chaka cha 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino liri m'manja mwao, ndipo Harry Johnston, amene anali mkulu wa Boma, anamanga linga pafupi ndi kwa Mponda, lochedwa Fort Johnston. Iye anafuna kuthetsa malonda a akapolo, komanso anafuna kuti mafumu onse agonjere Boma ndi kukhoma msonkho. Jalasi anakana kugonja.

Mu February 1892 gulu la nkhondo lotsogozedwa ndi Mzungu wina dzina lake King linakwera kukamenyana ndi Jalasi. Zinthu sizinawayendere. Anthu a Jalasi anawapirikitsa, King analasidwa, ndipo mzinga wa Boma unatsala m'manja mwa Ayao. Mbiri imeneyi inawanda ponse-ponse, ndipo Jalasi anakhalabe pa phiri lake zaka zina zitatu.

Cha kumapeto kwa 1895 Boma linabweranso ndi mphamvu zoposa zoyamba. Major Edwards anadza ndi asilikari achimwenye ochedwa Sikh pamodzi ndi asilikari achikuda, nalanda mudziwo. Mzinga uja anaupeza nautenga, ndipo Jalasi anathawira ku dziko la Apwitikizi. Chaka chotsatira, 1896, nkhondo ya Boma inafika kuno ku Ntcheu, ndipo Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, inaphedwa cha ku Dombole. Tikaika nkhani ziwirizi pamodzi tiona kuti m'zaka ziwiri zokha mphamvu ya mafumu a tsidya lino la Shire ndi a tsidya lija inathyoledwa ndi dzanja limodzi. Komabe ufumu sunafe: dzina la Jalasi likalipo ku Namwera, ndipo la Gomani likalipo ku Ntcheu.

Linga la njerwa

Pofuna kuti Jalasi asabwerere, Boma linakhazika asilikari pa bwinja la mudzi wake, ndipo m'chaka cha 1897 anamanga linga la njerwa la makoma ochindikala. Nkhondo zitatha lingalo linasanduka ndende kuyambira 1907 kufikira 1910. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 anaphunzitsirako asilikari a King's African Rifles. Pambuyo pake malowo anawasiya, madenga anagwa, ndipo mitengo inamera m'zipinda. Dziko litalandira ufulu, tauni ya Fort Johnston inapatsidwa dzina la phirili, ndiyo Mangochi imene tiidziwa lero.

Mau kwa wofuna kukagona kumeneko

Mabwinjawa ali m'nkhalango yosungidwa ndi Boma, imene kuyambira 2018 amaiyang'anira ndi a African Parks pamodzi ndi nkhalango ya Liwonde. Chotero wofuna kukwera, makamaka wofuna kumanga msasa nkugona, ayambe wapempha chilolezo kwa oyang'anira, ndipo atenge munthu wodziwa njira, pakuti m'nkhalangomo mumayenda njobvu. Pamwamba palibe sitolo kapena nyumba ya alendo. Ufa, ndiwo, mchere, mphika, machesi ndi bulangete, zonse nzosenza yekha. Miyezi ya June ndi July kumazizira koposa, ndipo nyengo ya dzinja njira imaterera.

Moto ausonkhe kutali ndi makoma ndi udzu, nauzime ndi madzi asanachoke, chifukwa moto wolusa umapsereza nkhalango ndi kung'amba njerwa. Asalembe dzina lake pa khoma, asatenge njerwa kapena phale la mbiya. Akulu-akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma chimene mlendo waononga sichibwerera. Munthu ali yense atati atsike ndi njerwa imodzi, adzukulu athu adzakapeza chulu chokha.

Ndipo dzuwa likalowa, iye ali chikhalire pa moto, akumbukire kuti pamalopo pali mabwinja awiri. Loyamba ndi la njerwa, limene maso aliona msanga. Lachiwiri liri pansi pa udzu, ndilo la mudzi wa Jalasi, pamene akazi ankasinja, ana ankasewera, ndi akapolo ankalira kwao. Woona njerwa zokha wamva theka la mbiri.

Nchito yathu

Si tonse tingathe kufika ku Mangochi, koma mapiri tiri nao kwathu konkuno, kumadzulo kwa Manjawira ndi kwina konse m'boma la Ntcheu. Funsani nkhalamba za m'mudzi mwanu kuti makolo ao ankabisala phiri liti, ankatunga madzi pati, ndipo anatsika liti kudzamanga kuchidikha. Inu amene mwaphunzira kulemba, lembani zimene akuuzeni, dzina la phiri ndi dzina la mudzi, nimusunge pepalalo. Linga la njerwa latha zaka zoposa 120 likali chiimire, koma mbiri ya m'kamwa imalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake.