Amalawife timaonera filimu ndi makutu

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind itatuluka pa Netflix mu March 2019, akunja ankayamikira zithunzi: fumbi la ku Wimbe, minda youma, njala ya m'ma 2001 ndi 2002 ikuoneka pankhope za anthu. Kuno kumudzi mlandu unali wina. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp funso linali limodzi basi: Chichewa chimenechi ndi cha kuti? Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London, adaphunzira mawu a bambo ake a William Kamkwamba pamtima. Maxwell Simba, yemwe adasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Anthu ankati Lily Banda akatsegula pakamwa ndi pomwe khutu linkapumako.

Ena ankati n'kaduka chabe, Amalawi sitiyamika. Ine ndimaona kuti nkhaniyi idayambira kutali, tisanabadwe ambirife.

Dziko lino lidakhala zaka 35 lili pa ufulu wodzilamulira koma lopanda wailesi yakanema yakeyake. TVM idayamba mu 1999, pomwe a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali ataonera kanema kuyambira m'ma 1960. Chimene makolo athu anali nacho ndi MBC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri inali nyumba youlutsira mawu yokhayo. Sewero linkalowera kukhutu. Kapalepale wa a Smart Likhaya Mbewe, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino: banja lonse kuzungulira kawailesi ka mabatire, nkhope za osewera aliyense n'kumadzijambulira m'mutu mwake. Wosewera wa pawailesi alibe pobisala. Sangadalire maonekedwe kapena suti. Akalakwitsa kamvekedwe ka gogo wa kumudzi, omvera onse adziwa nthawi yomweyo, ndipo mawa pachigayo nkhani ikhala imeneyo.

Komanso si zonse zimene munthu ukadatha kunenapo maganizo. Lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu anthu asanazione. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa kaamba ka dzina lokhalo, poti linali la Mama Kadzamira. Kunena kuti nyimbo yakuti yotamanda boma ndi yosakoma kunali kudziputira. Koma kutsutsa kuti wakuti sakutha kuyankhula ngati mfumu m'sewero, apo panalibe wokumanga. Ndiye luso la kutsutsa lidakulira pamenepo, pa mawu ndi kayankhulidwe.

Kenako kudabwera vidiyo sho, ndipo apa ndi pomwe mbadwo wathu udalowera. Kachipinda kamdima, nsalu yakuda pakhomo, mabenchi a matabwa, bolodi panja yolembedwa ndi choko: Rambo, Commando, Jet Li. Chofunika kwambiri pa bizinesi yonseyo sichinali sikirini, chinali sipika yopachikidwa panja. Mwana wopanda ndalama ankamvera filimu yonse ali kuseri kwa khoma, n'kukaifotokoza kusukulu ngati adaionera. Mkatimo anthu sankakhala chete ngati kutchalitchi. Wina amene adaionerapo kale ankakhala akulongosola, "apa tsopano amupeza, dikirani muone", wina n'kumukalipira kuti atseke pakamwa, wina n'kukumbutsa onse kuti mwini filimu safa. Chingelezi cha Stallone ndani ankachimva? Ngakhale aphunzitsi chinkawadutsa. Nkhani ya filimu tinkaipanga tokha, mokuwa, pamabenchipo.

Mafilimu a ku Nigeria atasefukira m'zaka za m'ma 2000, chimene tidatolamo msanga ndi kayankhulidwe. Ana m'makwalala ankatengera mawu a Aki ndi Pawpaw, ndipo tawuni iliyonse idapezeka ndi munthu amene anzake amamutcha Igwe.

Ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa adangotenga munthu wolongolola wa pabenchi uja n'kumupatsa maikolofoni. Tamvetserani bwino filimu ya ku China kapena ya ku India yoikidwa m'memori khadi pamsika. DJ samasulira chabe ayi. Amawapatsa anthu mayina akuno, amanyoza wachifwamba, amachenjeza mtsikana kuti mwamunayo ndi wabodza, nthawi zina amapereka moni kwa anzake a ku Ndirande nkhondo ili mkati. Anzanga ena a ku yunivesite amati uku n'kuononga luso la eni ake. Mwina. Koma ndi anthu omwewa amene adachititsa kuti agogo a ku Ntchisi athe kukangana ndi zidzukulu zawo za filimu ya ku Korea, ndipo sindikudziwa sukulu ya zamafilimu imene idachitapo zoterozo.

Khutu lomweli lili ndi vuto lake, tisabise. Timakhululukira zithunzi zoipa mosavuta. Filimu yakuno ikhale ndi kamera yogwedera, kuwala kosakwanira, maikolofoni ikuonekera pamwamba, bola osewera akuyankhula ngati anthu enieni, tiiyamikira. Izeki ndi Jakobo adatchuka pa nthabwala za pakamwa. Tikuferanji anthu ankaitsatira pawailesi ndi pakanema pomwe, ndipo a Michael Usi atalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, ambiri ankangoti Manganya walowa m'boma. Pamene Shemu Joyah, yemwe amasamala kwambiri za chithunzi mu Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, sindimva kawirikawiri anthu akukangana za iye mu minibasi.

Pa za Ejiofor, ine ndili pakati. Akadajambula filimu yonse m'Chingelezi, ngati momwe amachitira ambiri akamafotokoza nkhani za ku Africa, phokoso likadachepa, ndipo Chichewa sichikadamveka m'nyumba za anthu ku Brazil kapena ku Japan. Adasankha njira yovuta. Koma odandaula aja sankanama. Iwo ankamva bambo wa ku Kasungu akukalipira mwana wake ndi mawu olondola m'kalembedwe, koma okwera pomwe amayenera kutsika, ndipo wowerenga mawu achingelezi pansi pa sikirini sakadadziwa kuti pali chimene chasokonekera.